Nkhata ya Sipika: Chifukwa Chake Chokuzira Mawu Sichiyenera Kukhala pa Kabati

Mawu Oyamba

M'mwezi wa Ogasiti 2024 ndidapita kwathu kwa Changata, m'boma la Thyolo, nditasenza ntchito ya kusukulu. Tidatumidwa kuti aliyense akajambule nthano zisanu kuchokera kwa munthu wachikulire, akazilembe monga momwe zidayankhulidwira, kenaka akazisanthule. Ine sindidavutike kufunafuna wondifotokozera chifukwa agogo anga aakazi, obereka mayi anga, adali katswiri wa nthano m'mudzi mwathu. Ndidawajambula pa foni madzulo atatu titakhala pamphasa pakhonde. M'mwezi wa Novembala chaka chomwecho agogowo adatisiya.

Pa Khirisimasi tidasonkhana kwa amalume, omwe amagwira ntchito pa esiteti ina ya tiyi ndipo amakhala kukomboni, kuti timvenso mawu a malemuwo. Amalume adali atangogula sabuwufa ku Limbe ndipo adayiika pamalo aulemu, pamwamba pa kabati ya mbale. Titalumikiza foni, mawu adatuluka onenepa ngati a munthu woyankhulira mumgolo, mbale ndi makapu zikuvomera gwedegwede. Mayi aang'ono adapukusa mutu nati, "Amenewa si mawu a amayi."

Posakhalitsa padabuka mkangano. Nthano ina inkakamba za alenje awiri apachibale omwe ankalimbirana mphotho ya mfumu nyalugwe atafa. Amalume adamva kuti wamkulu "adaponya", pamene mayi anga adamva kuti "adaphonya". Ngati adaponya ndiye kuti mkondo wake ndiwo udapha chilombocho ndipo mng'ono wake adali wakuba. Ngati adaphonya ndiye kuti wamkuluyo adali wabodza ndi wanjiru. Woti n'kumufunsa adali atagona kumanda. Tidabwereza malowo kanayi koma osagwirizana.

Yemwe adathetsa mlanduwu ndi akazi awo a amalume, ndipo sadachite dala. Iwo ankadera nkhawa mbale zawo. Adanyamula sabuwufa ija ikuyankhulabe, ndipo ili m'manja mwawo mawu a agogo adayera. Poopa kuti ingade ndi fumbi, adayikhazika pa nkhata yomwe amasenzera ndowa ya madzi. Titabwereza kachisanu, tonse tidamva bwinobwino: "adaphonya".

Nkhani ino ifotokoza chomwe chidachitika tsiku limenelo. Mfundo yake ndi imodzi: sipika ndi mthenga, ndipo chinthu chilichonse chomwe yakhudza chimafuna kuwonjezera mawu ake pa uthengawo. Kuti timve zomwe zidajambulidwa, tiyenera kuilekanitsa ndi zinthu zotere.

Momwe Sipika Imagwirira Ntchito

Mawu oti sipika ali ndi matanthauzo awiri m'Chichewa, ndipo mgwirizano wa mawu ndiwo umawasiyanitsa: timati Sipika *wa* Nyumba ya Malamulo, koma sipika *ya* wailesi. Pano tikukamba za yachiwiriyi, yomwe ena amaitcha chokuzira mawu.

Liwu lililonse ndi kunjenjemera kwa mpweya. Chikopa cha ng'oma chikamenyedwa chimapita mkati ndi kunja mofulumira, n'kumakankha mpweya mpaka kunjenjemerako kufike m'khutu. Akatswiri amawerenga kunjenjemeraku pa sekondi imodzi ndipo muyeso wake amautcha hertz, mwachidule Hz, potengera dzina la katswiri wa ku Germany, Heinrich Hertz. Khutu la wachinyamata limamva kuyambira pa 20 Hz kufika pa 20,000 Hz. Manambala otsika ndiwo besi, pamene okwera ndiwo mawu oonda ngati a nkhululu.

Sipika zambiri zomwe tili nazo lero zimatsata njira yomwe Chester Rice ndi Edward Kellogg adafotokoza ku America m'chaka cha 1925. Mkati mwake muli maginito, waya wokulungakulunga ndi chipepala cholimba chooneka ngati fanulo. Magetsi akadutsa m'waya muja, chipepalacho chimapita kutsogolo ndi kumbuyo ngati chikopa cha ng'oma. Komabe pali lamulo lomwe Isaac Newton adalemba m'chaka cha 1687, loti chinthu chikakankha chinzake nachonso chimakankhidwa ndi mphamvu yofanana. Munthu akadumpha kuchoka m'bwato, bwatolo limabwerera m'mbuyo. Chimodzimodzinso chipepala chikamakankhira kutsogolo, bokosi la sipika limakankhidwira kumbuyo, ndipo mpweya wa mkati mwa bokosimo umagunda matabwa ake. Motero bokosi lonse limanjenjemera, ndipo limapatsira chilichonse chomwe lakhalapo.

Kabati Isanduka Woyimba Wachiwiri

Kunjenjemera kumayenda bwino kwambiri m'zinthu zolimba. Mumpweya liwu limayenda pafupifupi mamita 343 pa sekondi, koma m'thabwa, potsata mitsempha yake, limapitirira mamita 3,000 pa sekondi. Aliyense amene adaimapo pamzere kuchigayo akudziwa kuti injini imamveka kumapazi osati kumakutu kokha.

Sabuwufa ya amalume itakhala pa kabati padachitika zinthu zitatu. Choyamba, matabwa a kabatiyo, omwe ndi opyapyala komanso otambalala kuposa chipepala cha sipika, adayamba kukankha mpweya nawonso. Koma thabwa silinjenjemera mofanana pa mawu onse. Lili ndi mawu ake omwe limawakonda, monga momwe chitseko chilichonse chimalirira mwakemwake mukachigogoda. Mawu amenewo limawakuza, ena n'kuwasiya. N'chifukwa chake mawu a agogo adanenepa.

Chachiwiri, thabwa silidziwa kuleka. Chipepala cha sipika chimaima magetsi akangoima, pamene kabati imapitirizabe kulira kwa kanthawi. Kulira kotsaliraku kumagwera pa phatikizo lotsatira.

Chachitatu, zinthu zongosanjikizana monga mbale, makapu ndi magalasi a zitseko za kabati zimagundana. Phokoso limeneli mulibe m'zomwe zidajambulidwa. M'nyumba zambiri ntchito yomweyi imagwiridwa ndi malata omwe misomali yake idakhwefuka kapena mafelemu a mawindo.

Pali vuto linanso lomwe anthu a m'makomboni amalidziwa bwino. Komwe mabanja awiri amagawana khoma limodzi, sipika yotsamira khomalo kapena yokhomeredwa kuphaso imatumiza besi yake kwa anansi kudzera m'njerwa ndi m'denga. Mwini wailesi amamva nyimbo, koma mnansi yemwe akuyenera kulawirira kukathyola tiyi amangomva di! di! di! usiku wonse. Mikangano ina ya m'makomboni gwero lake ndi limeneli.

Zomwe Chiyankhulo Chimataya

Kwa wophunzira chiyankhulo funso lalikulu ndi lakuti: phokoso lotere limameza chiyani? Poyamba ndinkaganiza kuti limameza kukwera ndi kutsika kwa liwu, komwe m'Chichewa kumasiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika. Ndidaganiza choncho chifukwa liwu la mwamuna limanjenjemera pakati pa 85 ndi 180 Hz, la mkazi pakati pa 165 ndi 255 Hz, ndipo kabati imakonda kulira m'dera lomweli. Koma ndidapeza kuti mbali imeneyi ndi yolimba mtima. Mafoni akale ankadula mawu onse a pansi pa 300 Hz, chikhalirecho anthu ankamvana za mitengo yonse iwiri, popeza khutu limatha kuzindikira kukwera kwa liwu kuchokera ku timawu tina tapamwamba tomwe timatsagana nalo.

Zomwe zimavulala msanga ndi malembo opanda liwu, makamaka kampweya komwe timakalemba ndi *h*. Kusiyana kwa *kuponya* ndi *kuphonya*, kapena *kukoma* ndi *kukhoma*, kwagona pa kampweya kameneka. Ikani dzanja kutsogolo kwa pakamwa n'kutchula mawu awiriwa, mukamva. Kampweyaka n'kofooka, n'kokwera, ndipo sikatenga ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi. Kuwonjezera apo, khutu la munthu lidapangidwa mwakuti liwu lamphamvu lotsika limaphimba mosavuta liwu lofooka lokwera, ndipo limaphimbanso liwu lofooka lomwe labwera pambuyo pake penipeni.

Tsono taonani mawu oti *adaphonya*. Pambuyo pa *ada-* milomo imatsekeka ndipo pamakhala kachete. Kenaka milomo imatseguka, kampweya n'kutuluka, *o* n'kuyamba. Kabati ya amalume inkalirabe ndi *a* uja pa nthawi ya kacheteko, mbale n'kumagwedera pa nthawi ya kampweyako. Nditabwerera ku Zomba ndidaika mawuwo mu Praat, pulogalamu ya pakompyuta yomwe Paul Boersma ndi David Weenink adapanga pa yunivesite ya Amsterdam, ndipo kampweyako kadaoneka poyera pa chithunzi cha mawu. Foni idajambula zoona. Kabati ndiyo idanama.

Nzeru ya Makolo: Mangolongondo ndi Bangwe

Wina angaganize kuti nzeru yolekanitsa chotulutsa mawu ndi pokhala pake idabwera ndi mawailesi. Si choncho ayi. Oyimba mangolongondo, omwe katswiri wa ku Austria, Gerhard Kubik, ndi anzake adawafufuza m'Malawi ndi kumpoto kwa Mozambique, sayala mitengo yawo pansi kapena pamiyala. Amaiyala pa mathunthu awiri a nthochi. Thunthu la nthochi ndi lofewa komanso lodzala madzi, kotero silibera mtengo kunjenjemera kwake ndipo siliwonjezerapo kulira kwake. Ngakhale malo omwe mtengowo umakhudza thunthu ali ndi chifukwa. Mtengo wotere ukamenyedwa umanjenjemera kwambiri pakati ndi kunsonga, koma pali malo awiri, chakufupi ndi gawo limodzi mwa magawo asanu kuchokera kunsonga iliyonse, omwe amakhala ngati ali duu. Ukagonera pamenepo umalira momasuka.

Makolo omwewo ankadziwanso njira yotsutsana ndi imeneyi. Woyimba bangwe amalowetsa thabwa lake m'chikho kapena m'chitini kuti mawu akule, ndipo amamangirirapo zitsekerero za mabotolo kuti zizichita njenjenje. Pa ulimba wa ku Chikwawa ndi Nsanje amapachika zikho kunsi kwa mitengo, ndipo pa zibowo za zikhozo amamatapo kanthu kopyapyala kuti mawu azituluka ndi kamkokomo. Kwa ife kunjenjemera kotere si chilema. Ndi zokometsera nyimbo. Mwina n'chifukwa chake amalume sadaone vuto ndi mbale zawo, ndipo adati wailesiyo "ikugunda bwino".

Kusiyana kwake n'kwakuti woyimba bangwe amasankha yekha njenjenje wake ndipo amadziwa pomwe akumufuna. Kabati sisankha. Imathira mkokomo womwewo pa nyimbo ya kwaya, pa nkhani za pa MBC, pa uthenga wa maliro ndi pa nthano ya agogo. Bangwe ndi mwini mawu, pamene sipika ndi mthenga chabe. Mthenga wotumidwa kukanena za maliro sawonjezerapo zake.

Nanga Sipika ya Mumtsuko?

M'midzi yambiri anyamata amatenga sipika yopanda bokosi n'kuivundikira pakamwa pa mtsuko kapena pa chigubu chodulidwa, ndipo besi imakuladi. Kodi zimenezi sizikutsutsa zomwe tanenazi? Ayi. Chipepala cha sipika chikamakankha mpweya kutsogolo chimakhala chikuukoka kumbuyo. Popanda chotchinga, mpweya wa kutsogolo umangothamangira kumbuyo, mbali ziwirizi n'kufafanizana, besi n'kusowa. Mtsuko umatsekera mpweya wa kumbuyowo. Ukugwira ntchito ya bokosi, osati ya kabati.

Ndipotu mtsuko umaposa chigubu pa chifukwa chomwe takamba kale. Dothi lootcha ndi lolemera, lolimba ndi lozungulira, motero silinjenjemera msanga. Pulasitiki wa chigubu ndi wopepuka ndipo amayimba nawo. Chosangalatsa n'chakuti mtsuko sungaime wokha popeza kunsi kwake n'kozungulira, choncho mwini wake amaukhazika pa nkhata. Mosadziwa, amakhala wamaliza ntchito yonse iwiri.

Nkhata Yabwino Ndi Yotani?

Mayi aliyense wosenza mtolo wa nkhuni amadziwa kuti nkhata ikapyapyala kwambiri imaphwatalala ndipo katundu amafika pa liwombo, pamene ikalimba kwambiri imapweteka ngati mwala. Lamulo lomweli ndi lomwe akatswiri amatsata. Chinthu cholemera chikakhala pa chinthu chofewa, ziwirizi zimakhala ndi liwiro lawolawo lodumphira, monga momwe galimoto imanesera pa masipuling'i ake. Kunjenjemera kofulumira kuposa liwiro limeneli sikudutsa bwino. Masamu ake amati chofewacho chikabonyezeka milimita imodzi, liwirolo limakhala pafupifupi 16 Hz. Chikabonyezeka mamilimita anayi limatsika kufika pa 8 Hz. Kulekanitsa kumayamba pa mawu oposa liwirolo ndi pafupifupi theka lake, ndipo kumanka kukulirakulira mawu akamakwera. Popeza sabuwufa zazing'ono za m'nyumba sizitsika kwenikweni pansi pa 40 Hz, chofewa chobonyezeka milimita imodzi kapena awiri chimathandiza kale.

Tanthauzo lake n'lakuti nkhata iyenera kugwirizana ndi kulemera kwa sipika. Ibonyezeke pang'ono koma isaphwatalale. Tizidutswa titatu kapena tinayi timaposa chinsalu chimodzi chachikulu, chifukwa kulemera kukagawidwa pa malo aakulu chofewacho sichibonyezeka n'komwe.

M'maiko olemera muli makampani ogulitsa timiyendo ta labala ta sipika pa mitengo yokwera. Ena amagulitsa timisomali tachitsulo tosongoka, koma timeneti sitilekanitsa ayi. Timalumikiza sipika ndi pansi kuti isagwedere. Kwa Changata zofunika zonse zili pakhomo. Patapata wakutha, wodulidwa tizidutswa tinayi, amakwanira sipika yolemera. Siponji ya matiresi akale imayenera tisipika topepuka. Chubu cha njinga chopopedwa pang'ono chabe, choyalidwa mozungulira, thabwa lokhuthala pamwamba pake, ndi nkhata yabwino koposa, ngakhale imafuna kuwonjezeredwa mpweya nthawi ndi nthawi. Nkhata yeniyeni ya chitenje kapena ya masamba a nthochi imagwiranso ntchito, koma imaphwatalala pakapita masiku. Amene akufuna kupachika sipika kudenga, monga m'tchalitchi kapena m'golosale, agwiritse ntchito malegeni m'malo mwa waya, ndipo awonjezere chingwe china chosakoka chotetezera kuti malegeni akaduka isagwere munthu.

Musanadule patapata wanu, yesani kaye ngati vutoli lilipo. Ikani dzanja pa tebulo nyimbo ikulira, kapena ikanipo kapu ya madzi muone ngati madziwo akuvina. Kuyesa kopambana ndi kuja adachita akazi awo a amalume: nyamulani sipikayo ikulira. Ngati mawu ayera ili m'manja, ndiye kuti pokhala pake pankayimba nawo.

Pomaliza, kulemera kumathandiza. Sipika yokhala pa njerwa kapena pa simenti sipeza choti n'kuchigwedeza. Motero nthawi zambiri chithandizo chachikulu ndi kungoichotsa pa kabati. M'nyumba yozira kapena yokolopa kawirikawiri ikhale pa njerwa, nkhata pakati, poopa chinyezi ndi chiswe.

Zomwe Nkhata Singathe

Ndi bwino kunena chilungamo kuti nkhata si mankhwala a nthenda zonse. Singakonze chipepala chong'ambika, kapena mawu osweka chifukwa chokweza voliyumu mopitirira muyeso, kapena batire lomwe latha mphamvu. Singaletse malata kulira ngati chowagwedeza ndi mpweya wa besi osati kukhudzana. Pamenepo pafunika hamala ndi misomali. Singathetsenso mkokomo wa sipika yomwe yakankhidwira pakona, popeza makoma awiri ndi pansi zimabweza besi n'kuikuza. Mankhwala ake ndi kuisendeza kuchoka pakonapo. Tisipika ting'onoting'ono tomwe timabwera ndi sabuwufa, tomwe ndi timene timanyamula mawu okwera, tiyenera kukhala molingana ndi makutu a omvera ndi kuyang'ana iwowo, osati kubisala kuseri kwa maluwa apulasitiki. Ndipo komwe pansi ndi pa simenti yokhuthala, kusintha komwe nkhata ingabweretse n'kochepa poyerekeza ndi nyumba za pansi pa matabwa zomwe zili zambiri ku Ulaya.

Kwa anzanga omwe adzatumidwe kukajambula nthano, miyambi kapena nyimbo, phunziroli lili mbali ziwiri. Maikolofoni ndi sipika yotembenuza, kotero nayonso imatola kunjenjemera kwa pokhala pake. Foni yoikidwa pa tebulo imajambula chigongono chilichonse chogunda tebulolo. Iikeni pa nsalu yopindapinda, pafupi ndi woyankhula. Polemba zomwe mwajambula gwiritsani ntchito mahedifoni, chifukwa sakhudza kabati iliyonse. Koma nthano si ya munthu mmodzi. Imafuna anthu ovomera kuti "tili tonse", ndipo tsiku lomwe mudzabwezere mawuwo kwa eni ake mudzafuna sipika. Tsiku limenelo kumbukirani nkhata.

Mawu Omaliza

Nkhani ino yaonetsa kuti bokosi la sipika limanjenjemera, kuti limapatsira kunjenjemerako zinthu zomwe lakhudza, ndiponso kuti zinthuzo zimakuza mawu ena, zimachedwa kuleka ndipo zimagwedera. Yaonetsanso kuti chomwe chimatayika msanga ndi timawu tofooka monga kampweya ka *ph* ndi *kh*, komwe m'Chichewa kamanyamula tanthauzo. Njira yopewera vutoli ndi yomwe oyimba mangolongondo ndi amayi osenza mitsuko akhala akuidziwa: pakati pa chinthu ndi pokhala pake paikidwe chofewa choyenerana ndi kulemera kwake.

Akuluakulu adati mawu a akuluakulu akoma akagonera. Lero tili ndi mwayi woti mawuwo angathe kugonera m'foni, osati m'mitima mokha, koma mwayiwu ndi wachabe ngati powadzutsa tiwasakaniza ndi phokoso la mbale. Sabuwufa ya amalume tsopano imakhala pa njerwa ziwiri ndi tizidutswa ta patapata, popeza nkhata ija mwini wake adailanda m'mawa mwake popita kumjigo. Amalume amadandaulabe kuti siikugunda ngati kale. Koma titamveranso nthano zija usiku womwewo, mayi aang'ono sadapukusenso mutu. Agogo atati "Padangokhala", iwo ndiwo adali oyamba kuvomera.